Tifunseni: Namondwe akasokoneza ulendo wa kunyanja

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Mzuzu, ndipo nkhani yake ndi imodzi. Anthu adakonza zokapuma kunyanja, ndalama adalipira, kenaka pawailesi pamveka chenjezo la namondwe. Mayina a olemba tabisa monga mwa nthawi zonse.

Funso: Akonzi, ine ndi banja langa tidasungitsa malo ku Chintheche kuyambira Lachisanu likubwerali. Tsopano tikumva kuti kuli namondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Mayi a kunyumba akuti tisiye, ana nkhope zagwa. Kuno kukungogwa mvula ya masiku onse. Tichite chiyani? Bambo wa ana atatu, Katoto.

Yankho: Bambo, mitambo ya ku Katoto siingakuuzeni chilichonse pa nkhaniyi. Zithunzi za pa WhatsApp nazonso muzisamale nazo, poti zambiri ndi za Freddy wa mu 2023 zimene anthu amazitumizanso kukangomveka namondwe wina. Chofunika kudziwa n'chakuti namondweyo akatsikira kuti.

Namondwe amabadwira pa nyanja yamchere, pamene madzi afunda kufika madigiri 26 kapena 27, ndipo mphamvu amazitenga ku nthunzi ya madzi ofundawo. Akafika kumtunda mphepo yake imayamba kuzilala, koma mvula amapita nayo kutali. N'chifukwa chake kuno kwathu anthu ambiri amafa ndi madzi osefukira ndi kugumuka kwa mapiri, osati mphepo. Idai adatsikira ku Beira mu Malichi 2019, Ana ku Angoche mu Januwale 2022, Freddy ku Quelimane pa 11 Malichi 2023, ndipo onsewa adasakaza kwambiri maboma a kummwera monga Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Freddy yekha adatenga miyoyo yoposa 1,000 m'dziko muno, koma ku Chintheche sikudaoneke zimene zidaoneka ku Chilobwe. Namondwe wolowera ku Beira kapena ku Quelimane amakhala kutali nanu. Woti mumutchere khutu kwambiri ndi wolowera cha ku Pemba, monga Kenneth wa mu Epulo 2019 ndi Chido wa mu Disembala 2024, chifukwa Pemba ali chakum'mawa kwa Nkhotakota, mzere umodzi.

Izi sizikutanthauza kuti kumpoto kumakhala bata. Namondwe akakhala m'nyanja ya Mozambique amatha kukoka mpweya wa chinyontho wochokera ku Congo, mvula n'kukula kuno ngakhale iye ali kutali. Ndipo Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, mvula yake yofika mpaka Epulo ndi Meyi.

Mverani chenjezo la nthambi ya boma yoona za nyengo pawailesi kapena pa tsamba lawo la Facebook. Iwo amatchula maboma ndi mayina, ndipo amachenjeza padera oyenda panyanja. Nkhata Bay akatchulidwa, nkhani yatha, musapite. Akapanda kutchulidwa, onani mapu a njira ya namondweyo, amene amachokera ku likulu la zanyengo la pa chilumba cha Réunion. Amalosera za masiku asanu, koma mudzaona kuti mzere wake ukunka nutambasuka, kusonyeza kuti kupitirira masiku atatu akhoza kuphonya ndi makilomita mazanamazana. Freddy adalowa ku Mozambique mu Febuluwale, n'kubwereranso m'nyanja, n'kudzalowanso kachiwiri patatha masabata awiri. Choncho Lachiwiri yambani kulankhula ndi a pamalo ogonawo za kusintha tsiku, Lachitatu madzulo onaninso mapu, ndipo Lachinayi mugamule.

Musanagamule funsani za msewu, poti ulendo wa kunyanja kawirikawiri umafera pamsewu. Madalaivala a minibasi amene afika pa depoti m'mawa kuchokera ku Chintheche ndi ku Dwangwa amadziwa bwino kuposa wina aliyense. Afunseni za dambo la Limphasa ndi mtsinje wa Luweya. Kumayambiriro kwa 2024 madzi adadula msewu wa M5 cha ku Dwangwa popanda namondwe aliyense. Madzi saiwala khwawa, ndiye pamene padadukapo kale ndi pomwe muyambire kufunsa. Mukapeza madzi akuyenda pamwamba pa msewu, imani. Madzi othamanga ofika masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, ofika 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo simungaone ngati pansi pake tala akadalipo.

Chomaliza ndi magetsi. Ambiri mwa magetsi athu amachokera pa mtsinje wa Shire. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022 dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima udafika mpaka ku Mzuzu. Funsani ngati malo ogonawo ali ndi jenereta kapena sola, komanso thanki ya madzi. Tengani ndalama ina m'manja, chifukwa netiweki ikagwa Airtel Money ndi Mpamba sizikuthandizani. Ngati boma la Nkhata Bay silidatchulidwe, msewu uli bwino, ndipo pamalopo pali magetsi ndi madzi, pitani, koma muyende masana ndipo za boti muziiwale.

Funso: Ndidalipira theka la ndalama pa loji ina ya ku Nkhata Bay. Chenjezo litatuluka ndidawaimbira kuti sindibwera, iwo akuti ndalama sabweza. Kodi ndi zololedwa? Mayi wa bizinesi, Chibavi.

Yankho: Mayi, zimatengera chimene mudagwirizana polipira, komanso amene walephera ndani. Ngati loji yatseka, madzi alowa m'zipinda, kapena iwo eni akuuzani kuti musabwere, ndiye kuti alephera ndi iwo, ndipo ndalama yanu iyenera kubwerera. Ngati malowo ali otsegula, msewu ukudutsika, inu n'kusiya chifukwa cha mantha, mlandu wanu ndi wofooka. Chipinda chija adakanira anthu ena pofuna kusungira inu.

Pakati pa ziwirizi pali mpata waukulu wokambirana, ndipo anthu ambiri amauononga poyamba ndi mawu akuti ndibwezereni. M'nyengo ya mvula maloji amakhala ndi alendo ochepa, ndalama ya dipoziti amakhala atagulira kale zakudya ndi kulipira antchito. Kutulutsa ndalama kumawapweteka, koma kusintha tsiku sikuwatayitsa kanthu. Pemphani kuti ndalamayo aisunge ngati malipiro a ulendo wina m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ikubwerayi. Mutchule masiku awiri amene mungathe kubwera, osakhala a Isitala kapena Khrisimasi pamene kumadzaza. Funsaninso ngati mtengo ukhalebe womwewo, chifukwa mitengo ikakwera pakatipa mukhoza kudzapeza kuti theka lija lasanduka gawo limodzi mwa magawo atatu. Akakana, pemphani kuti mutumize m'bale wanu kapena mnzanu m'malo mwanu.

Zonsezi zikhale zolembedwa. Mukalankhula pa foni, tumizani uthenga pa WhatsApp wobwereza zimene mwagwirizana, kuti iwo ayankhe kuti eya. Sungani uthenga wotsimikiza kuti mudatumiza ndalama, ndi chithunzi cha chenjezo la zanyengo chooneka tsiku lake. Lankhulani ndi manijala kapena mwini wake, poti wolandira alendo alibe mphamvu yosintha lamulo la pamalopo, ndipo kumukalipira n'kungotaya mawu. Zikakanika, makamaka ngati sadakuuzeni polipira kuti ndalama siibwezedwa, kadandauleni ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula. Ulendo wina, musanatumize ngakhale tambala, funsani funso ili molemba: kukachitika zoti msewu waduka kapena boma lachenjeza, ndalama yanga itani?

Funso: Za ku Kande tazisiya. Anzanga akuti tikwere ku Nyika poti kumapiri kulibe madzi osefukira. Tilipo anayi, galimoto ndi Sienta. Zitheka? Mnyamata wa ku Luwinga.

Yankho: Achimwene, maganizo a Nyika ndi abwino, galimotoyo ndi imene siikugwirizana nawo. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Rumphi ndi makilomita pafupifupi 70 pa tala. Kuchoka apo kukafika pa chipata cha Thazima ndi ena pafupifupi 60, kenaka enanso 60 kuti mufike ku Chelinda, ndipo mbali yaikulu ya ulendo wa kuseri kwa Rumphi ndi msewu wa dothi. M'chilimwe anthu amatha maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Mvula ikagwa masiku atatu otsatizana dothi lofiira lija limaterera, madzi amakumba ngalande pakati pa msewu, ndipo galimoto yotsika imakhalira pamimba matayala ali m'malere. Ikatero simungaikankhe, muyenera kukumba. Malo ambiri mulibe netiweki, ndipo galimoto ina ikhoza kudutsa patapita maola ambiri.

Ngati mtima uli pa Nyika, sonkhani mubwereke galimoto yaitali yokoka ndi matayala onse anayi, pamodzi ndi dalaivala wodziwa njirayo. Imbirani a ku Chelinda dzulo lake kuti akuuzeni ngati tsikulo kwafika galimoto iliyonse. Mudzaze mafuta ku Mzuzu n'kuwonjezeranso ku Rumphi, poti m'nkhalangomo mulibe pothira, ndipo muwerengere makilomita 400 a kupita ndi kubwera, kuphatikizapo oyendayenda kumtundako. M'matope galimoto imamwa mafuta kwambiri kuposa pa tala. Tengani khasu kapena fosholo, chingwe chokokera, jeke ndi thabwa loikira pansi pake, tayala lapadera lopopa bwino, chikwanje chodulira mitengo yogwera pamsewu, ndi chakudya cha tsiku limodzi loonjezera. Chipata amatseka 6 koloko madzulo, choncho munyamuke mbandakucha. Chitupa cha unzika musaiwale, chifukwa Amalawi amalipira mtengo wotsika polowa.

Mukafika simudzanong'oneza bondo. Nyika, yomwe idakhazikitsidwa mu 1965 ngati malo oyamba otetezedwa a mtunduwu m'dziko muno, imakongola kwambiri m'dzinja momwemu. Udzu umabiriwira, mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid imaphuka makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo mbidzi, ntchefu ndi achilembwe amaoneka poyera. Koma Chelinda ali pa mamita pafupifupi 2,300, kutalika kwake kuposa Mzuzu ndi mamita 1,000. Zovala za kunyanja zija sizikwanira, tengani majuzi, jekete ya mvula ndi nsapato zotseka. Chifunga chikatsika musachoke pa msewu, ndipo mphezi ikayamba musakhale pamwamba pa chitunda.

Ena adzakuuzani za Vwaza poti ndi pafupi ndi Rumphi. Ife m'dzinja sitikulimbikitsani. Ndi malo a dambo, njira zake zimadzaza madzi, ndipo njovu ndi njati zimene m'chilimwe zimasonkhana pa nyanja ya Kazuni zimamwazikana poti madzi ali paliponse. Kulinso ntchentche za tsetse zofalitsa kaodzera, zomwe zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu. Vwaza musungireni Ogasiti mpaka Okutobala.

Ndi Sienta yanuyo, khalani pa tala. Msewu wa M1 wopita kummwera umakukwezani pa Viphya, kudutsa Elephant Rock ndi Chikangawa, ndipo mukhoza kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Ku Luwawa kuli malo ogona ndi damu, ngakhale kuti kagawo kopatuka pa M1 ndi ka dothi ndipo muyenera kufunsa kaye. Yatsani nyali masana omwe, chifunga cha pa Chikangawa chimabisa malole a matabwa.

Funso: Ndine mphunzitsi. Ana 40 a Fomu 3 adasonkha ndalama za ulendo wa kunyanja, koma akuluakulu a sukulu aletsa chifukwa cha chenjezo. Makolo akufunsa za ndalama zawo. Kodi kulipo kwina kophunzitsa kumene basi ingafike? Mphunzitsi, Mchengautuwa.

Yankho: Aphunzitsi, akuluakulu anu achita bwino. Ana 40 pa gombe la mafunde, aphunzitsi atatu sangawakwanitse.

Malo ophunzitsa kwambiri kumpoto kuno ndi nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Karonga, yomwe idatsegulidwa mu 2004. Muli chigoba cha Malawisaurus, chinyama chakale chimene mafupa ake adapezeka m'boma lomwelo, komanso mbiri ya nsagwada ya munthu wakale imene idafukulidwa ku Uraha mu 1991, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Vuto ndi njira. Ndi makilomita oposa 200, ndipo muyenera kutsika phiri la Chiweta, pamene miyala ndi dothi zimagumukira mumsewu mvula ikachuluka. Karonga nayenso ndi boma la madzi osefukira, makamaka m'mbali mwa North Rukuru. Ulendo umenewu ndi woyenera mvula italeka kwa masiku angapo, ndipo ngogona komweko.

Livingstonia ndi chimodzimodzi. Mishoni imene Robert Laws adaisamutsira ku Khondowe mu 1894, nyumba ya Stone House ndi mathithi a Manchewe otalika mamita pafupifupi 125 ndi phunziro la mbiri ndi jogalafe pamodzi. Koma msewu wa Gorodi wochokera ku Chitimba, wa makona 20 aja, si wa basi ngakhale m'chilimwe. Njira yake ndi yodzera ku Njakwa, ndipo mufunse madalaivala a ku Rumphi za mmene ilili sabata imeneyo. Ku Manchewe miyala imaterera koopsa m'dzinja, ana aonere pa malo oonerera basi, asatsikire ku mapanga a kuseri kwa madzi.

Ngati tsiku silingasinthe, ganizani za pafupi. Ekwendeni, mishoni ya mu 1889, ili pa makilomita 20 okha. Mu Mzuzu momwemu muli malo a kafukufuku wa zaulimi a Lunyangwa ndi fakitale ya Mzuzu Coffee, ndipo ana a Agriculture ndi Business Studies angatolepo zambiri. Konseko lembani kalata yopempha sabata imodzi isanakwane, yotchula chiwerengero cha ana ndi zimene mukufuna aone. Za ndalama, itanani komiti ya makolo, muonetse zimene zidasonkhedwa, zimene zidapita kwa mwini basi, ndi zotsala. Mwini basi mumupemphe kusintha tsiku kapena njira, ndipo ngati ulendo wafupika mtengo utsike poti mafuta achepa. Makolo asayinenso kalata ina ya chilolezo, chifukwa yoyamba ija idatchula za kunyanja.

Funso: Tikukwatirana mu Epulo ndipo tidakonza zokapuma ku Zanzibar, kudzera ku Songwe. Kodi namondwe amafika kumeneko? Nanga akafika tili m'njira? Mtsikana wa ku Chimaliro.

Yankho: Achemwali, zabwino zonse pa ukwatiwo. Nyengo ya anamondwe m'chigawo chino cha nyanja ya India imayamba pakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Epulo, ndipo imafika pachimake kuyambira Januwale mpaka Malichi. Zanzibar ali kufupi ndi equator, kumene anamondwe safikako kawirikawiri, kusiyana ndi magombe a Mozambique monga Vilankulo, Beira, Nacala ndi Pemba amene amamenyedwa pafupipafupi. Komabe zimachitika. Mu Meyi 2024 Hidaya adafika pa chilumba cha Mafia, kummwera kwa Dar es Salaam, ndipo maboti a pakati pa Dar es Salaam ndi Zanzibar adaimitsidwa. Chimene chingakusokonezeni kwambiri mu Epulo ndi mvula yaikulu ya kumeneko, yomwe imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi. Mitengo ya mahotela imatsika nthawi imeneyo pa chifukwa chomwecho.

Sungitsani chipinda chimene mungathe kuchisiya osalipira mpaka masiku awiri kapena atatu musanafike, ngakhale chikhale chokwererapo pang'ono. Tikiti ya boti mugule mutafika ku Dar es Salaam ndi kuona nyengo. Musiye tsiku limodzi lopanda pulogalamu pakati pa kuchoka pa chilumba ndi kukwera basi, sitima ya TAZARA kapena ndege yobwerera. Ngati pali mbali ya ndege, dziwani kuti kampani ikalepheretsa ulendo yokha imakusinthirani tsiku kapena kukubwezerani, koma inu mukangojomba osawauza, kawirikawiri amafufuta ndi tikiti yobwerera yomwe. Inshulansi ya ulendo igulidwe tsiku lomwe mwalipira malo, chifukwa namondwe akapatsidwa kale dzina makampani amamutenga ngati chinthu chodziwika ndipo salipira. Muwerenge ngati ikukhudza kulephereka kwa ulendo chifukwa cha nyengo, poti zina ndi za chipatala chokha. Kuyambira Okutobala 2024 Zanzibar idakhazikitsanso inshulansi yake yokakamiza kwa alendo, ndiye funsani za mtengo wake musanapange bajeti.

Chenjezo likakupezani mutawoloka kale pa Songwe, palibe chifukwa chothamangira ku Dar es Salaam, ulendo wa makilomita oposa 800 kuchokera ku Mbeya. Imani ku Mbeya kapena ku Tukuyu masiku awiri. Kuli nyanja ya pamwamba pa phiri ya Ngozi, minda ya tiyi, ndi Kitulo, malo a maluwa ofanana ndi Nyika. Matema, gombe la kumapeto kwenikweni kwa nyanja yathu yomwe ino, ali pafupi ndi Kyela, ngakhale kuti dera limenelo nalonso limalandira mvula yambiri mu Epulo.

Funso: Ndikufuna kukaona tchalitchi cha St Peter's ku Likoma. Sitima ikalephera chifukwa cha mphepo, kodi ndingakwere maboti ang'onoang'ono a pa Nkhata Bay? Bambo wa ku Zolozolo.

Yankho: Ayi, bambo. Sitima yaikulu ngati Ilala ikaima chifukwa cha mafunde, boti la matabwa lodzaza matumba a ufa ndi makreti silingachite bwino kuposa iyo. Pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma pali makilomita pafupifupi 70 a nyanja yopanda pobisala, ndipo mbali ya kumpoto ino ndiyo yakuya kwambiri, mpaka mamita 700. Nyanja imatha kukhala bata pa doko, pakati pali zina.

Tionjezepo kuti choopsa chachikulu pa nyanja yathu si namondwe koma mwera, mphepo ya kummwera imene imaomba kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Sitima ya Vipya idamira mu Julayi 1946 cha ku Chitimba, anthu 145 n'kufa, popanda namondwe wochokera ku nyanja yamchere. M'dzinja choopsa ndi mphepo ya mwadzidzidzi yobwera ndi mvula ya mabingu, makamaka usiku ndi m'mamawa.

Wopita ku Likoma azikonzekera kuti tsiku lobwerera likhoza kusuntha. Tengani ndalama m'manja yokwanira masiku atatu kapena anayi oonjezera, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku a sabata yathunthu, ndipo kuntchito musalonjeze kuti Lolemba mudzakhalapo. Nthawi ya sitima mufunse pa ofesi ya pa doko tsiku lomwelo. Boti lililonse limene mungakwere, ngakhale lochokera pa sitima kupita kumtunda, funsani jekete yoyandamitsa ndipo muivale musanakhale pansi. Tchalitchicho chidayamba kumangidwa mu 1903, ndipo Okutobala ndi Novembala, mwera utatha mvula isanayambe, ndiyo nthawi yabwino yokachiona.

Funso: Mvula ikaleka, tidikire masiku angati tisanapite ndi ana kunyanja? Agogo a ku Chiputula.

Yankho: Agogo, dikirani masiku atatu mpaka asanu opanda mvula yamphamvu, ndipo mufunse a kugombeko ngati madzi ayera. Mitsinje ikasefukira imakokolola zimbudzi, zinyalala ndi mitengo n'kuzitsanulira m'nyanja, ndipo madzi a m'mphepete amakhala ofiira. Mwana akamasambira samalephera kumezako. Kumbukirani kuti kolera wamkulu uja adayamba mu Malichi 2022 pambuyo pa namondwe Ana, adafika ku Nkhata Bay chaka chomwecho, ndipo adapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Madzi akumwa mutenge a m'mabotolo, kapena muwiritse mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena muthire WaterGuard monga mwa malangizo a pa botolo n'kudikira mphindi 30. Mapaketi a Thanzi asasowe m'chikwama, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino. Mwana akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, mumwetse Thanzi muli pa ulendo wa kuchipatala.

Musasambire pa mathiriro a mitsinje kapena pafupi ndi bango. Madzi akachuluka ng'ona ndi mvuu zimasuntha n'kupezeka pamene sizipezekapezeka, ndipo m'madzi ofiira simungazione. M'bango ndi m'madzi odikha ndi momwenso mumakhala nkhono za likodzo. Amene asambira m'nyanja akaonane ndi achipatala patapita masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, poti mankhwala a praziquantel sagwira bwino tizilomboto tikadali tating'ono. Udzudzu umachuluka pakapita sabata imodzi kapena iwiri mvula itagwa, ndipo kunyanja malungo ndi ochuluka kuposa ku Mzuzu kozizira kuno. Tengani neti yanuyanu, ndipo mwana akatentha thupi mutabwerako mukamuyezetse tsiku lomwelo.

Funsaninso ngati mchenga ulipo. Nyanja imapitiriza kukwera mvula itatha, ndipo imafika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi. Mu 2024 idakwera mpaka kumiza magombe ndi zipinda za maloji ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Pemphani a pamalopo akutumizireni chithunzi chojambulidwa tsiku lomwelo, chooneka gombe ndi khomo la chipinda chimene mukagone.